Mbiri ya kutsendera dothi m'misewu ya Tsangano ndi Macanga

Malole onyamula mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi fodya ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, amayenda pa dothi lofiira la katondo losakanizika ndi miyala. Msewu wotere umalimba kapena kutitimira malinga ndi mmene dothilo analitsenderera pomanga.

M'nthawi ya Apwitikizi, misewu yambiri ya m'chigawo cha Tete inkalambulidwa ndi anthu ogwidwa chibalo. Ankasenza dothi pamutu, kulithira, n'kulisinja ndi manja, ndipo mvula ikabwera ntchito yambiri inkapita ndi madzi. Pamene iwo ankavutika choncho, akatswiri a kutali anali atayamba kale kumvetsa vutoli. Mu 1925 Karl Terzaghi adafotokoza kuti dothi la makande likasenzetsedwa katundu limafinya madzi ake pang'onopang'ono, kwa miyezi kapena zaka. N'chifukwa chake msewu wodutsa padambo umatsika pafupi ndi mlatho pamene mlathowo uli chiimire.

Mu 1933 Ralph Proctor, injiniya wa ku Los Angeles, adaonetsa kuti dothi lililonse lili ndi mlingo wake wa madzi. Likauma kwambiri silikhazikika, likanyowa kwambiri madzi amadzaza mipata ndipo rola imangolipondaponda pachabe. Amayi ozira nyumba amadziwa zimenezi m'manja mwawo. Poyeza mlingowu, akatswiri amathira dothi m'kachitini katatu, ulendo uliwonse n'kulimenya ka 25 ndi hamala ya makilogalamu 2.5.

Dothi la miyala ndiye lovuta kwambiri. Miyala ikachuluka mpaka kugundana, ndiyo imasenza lole, koma pakati pake pamatsala mipata imene mvula imakokololeramo dothi losalala. Ikachepa, imangomira m'dothimo osathandiza kanthu. Womanga ayenera kusakaniza mwanzeru, kuthira madzi oyenera, ndi kutsendera pang'onopang'ono, osati mulu wonse nthawi imodzi.

Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itabalalitsira anthu a dera lino mpaka ku Ntcheu ndi ku Dedza, misewu idakhala zaka yopanda wosamala mpaka mtendere wa 1992. Lero misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la Administração Nacional de Estradas. Ine ndimati pokonza msewu wa kuno, thanki ya madzi ndi rola zisamasowe, ngakhale ndalama zichepe bwanji. Giledala ikangosalaza yokha n'kuchoka, mlimi wa ku Ntengo-wa-Mbalame m'boma la Tsangano ndiye amalipira mu Januwale, lole ikatitimira ndi mbatata zake.