Kodi dazi limayamba bwanji?

Gwirani m'mutu mwanu. Tsitsi lililonse limamera m'kathumba kakang'ono kamene kali mkati mwa khungu. M'mutu mwa munthu muli timatumba totere pafupifupi 100,000.

Tsitsi limatalika pafupifupi sentimita 1 pamwezi. Limakula kwa zaka 2 mpaka 6, kenako limapuma miyezi ngati 3 n'kuthothoka. M'kathumba komweko mumamera lina. Choncho musadabwe mukaona tsitsi pachipeso. Kuthothoka kwa tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda ayi.

Nanga dazi? M'thupi muli homoni yotchedwa testosterone, imene imachuluka mwa amuna. Ina mwa iyo imasanduka homoni yotchedwa DHT. Kwa anthu ena, DHT imafotetsa timatumba tija. Zili ngati chimanga pa nthaka yoguga: chaka chilichonse mapesi amanka nachepa. Tsitsinso limamera lopyapyala ndi lalifupi, ndipo limathothoka msanga. Potsiriza pamatsala timaubweya tosaoneka bwino.

Kwa abambo, dazi limayambira m'mbali mwa chipumi kapena pakati pa mutu. Tsitsi la kumbuyo ndi la pamwamba pa makutu limatsala, chifukwa DHT siifotetsa kwenikweni timatumba ta kumeneko. Kwa amayi, tsitsi limangochepa pamwamba pa mutu.

Dazi ndi la kumtundu. Mungatengere kwa bambo kapena kuchimayi. Silipatsirana, ndipo silibwera chifukwa chovala chipewa.

Mwina munamvapo kuti m'mutu mwa munthu wadazi muli golide. Limeneli ndi bodza loopsa. Mu 2017, amuna adazi anaphedwa ku Milange, m'chigawo cha Zambézia, chifukwa cha bodza lomweli. M'mutu mwa wadazi muli fupa ndi ubongo, ngati mwanumo. Mukamva wina akunena za golideyo, mumuuze zoona.

Mankhwala a minoxidil ndi finasteride amachedwetsa dazi, koma mukasiya, tsitsi limayambanso kuchepa. Finasteride ndi woopsa kwa mwana amene ali m'mimba. Musagule mankhwala a dazi musanafunse adokotala.

Si kuthothoka konse kumene kuli dazi. Chipere chimasiya zigamba m'mutu, makamaka mwa ana, ndipo chimachizika. Kuluka tsitsi mokoka kwambiri kumazula la pachipumi. Tsitsi likathothoka mwadzidzidzi, kapena m'mutu mukatuluka zilonda, pitani kuchipatala cha ku Fingoé kapena cha kufupi ndi kwanu.