Kodi m'dengu la ku Zomba muli chimanga?

Mukamva pa wailesi kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi maperesenti akutiakuti, mwina nanunso mumafunsa zomwe timafunsana kumsika: anthu amenewa amawerengerako ufa ndi ndiwo? Amawerengerako ndithu. Ndipotu ntchito imeneyi inayambira pa chakudya pomwepo.

Tibwerere ku England, chaka cha 1707. Koleji ya All Souls ku Oxford inali ndi lamulo la cha m'ma 1440 loti wopeza ndalama zoposa mapaundi 5 pachaka asamalandire thandizo la kolejiyo. Lamulo linakhala chikhalire, mitengo ikuyenda. M'busa wina, William Fleetwood, anafukula zolembedwa zakale n'kuyerekeza mitengo ya tirigu, nyama, chakumwa ndi nsalu. Anapeza kuti zomwe mapaundi 5 ankagula kalelo zinkafuna mapaundi 28 kapena 30 m'masiku ake. Werengani bwino: pa zinthu zinayi, zitatu n'zapakamwa.

Mu 1871 katswiri wa ku Germany, Laspeyres, anakhazikitsa njira yomwe ikugwirabe ntchito: dzazani dengu ndi zomwe banja limagula, musasinthe miyeso yake, muzingofunsa mtengo wa dengulo nthawi ndi nthawi. Kuno kwathu ntchitoyi ndi ya ofesi ya NSO ku Zomba. Mwezi ndi mwezi antchito ake amalemba mitengo m'misika ndi m'masitolo, m'tauni ndi kumudzi komwe. Kuti chinthu chilemere bwanji m'dengumo, amaonera kafukufuku wa m'mabanja, yemwe woyamba anachitika mu 1997 ndi 1998. Lero chakudya chikutenga malo oposa theka la dengu lonse.

Nanga mphekesera yoti chakudya amachichotsa inachokera kuti? Ku America, m'zaka za m'ma 1970. Mafuta a galimoto ndi mbewu zitakwera modzidzimutsa, akatswiri anayamba kuwerenga nambala yachiwiri yopanda chakudya ndi mafuta, yotchedwa core inflation, ati zinthu ziwirizi zimadumphadumpha. Kwa iwo mwina n'zomveka, poti chakudya sichifika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a dengu lawo. Koma kuno mukachotsa chakudya mwatsala ndi chiyani, eti? N'chifukwa chake muzitchera khutu: NSO imatulutsa nambala ya zonse pamodzi, ya chakudya payokha, ndi ya zinthu zina. Wolengeza akatchula imodzi, dziwani kuti ndi iti.

Chomwe ine sindigwirizana nacho n'kutenga nambala yapamodziyo ngati ya aliyense. Dengulo ndi la banja longoyerekeza, losakaniza wolipira lendi ku Area 47 ndi mayi wogula ufa wa walkman madzulo alionse. Mayiyu pafupifupi ndalama yake yonse imathera m'poto, ndiye chimanga chikakwera mu February, iye zimamupweteka kuposa momwe nambala ikunenera.

Komanso akati nambala yatsika, musathamangire kudzandifunsa chifukwa chomwe sindinatsitse mafuta ophikira. Amayerekeza mwezi uno ndi mwezi womwewu chaka chatha. Tiyerekeze kuti botolo linali K1,000, chaka chotsatira K1,300, chinacho K1,560. Pepala lidzati kukwera kwatsika kuchoka pa 30 kufika pa 20 peresenti, koma pabenchi panga mudzasiyapo K1,560 yomweyo.