Masongola: Dzina Lochokera Padenga

Ukachoka m'tauni ya Zomba n'kumakwera cha kuphiri, pafupi ndi munda wa mitengo ndi maluwa womwe uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, umapeza nyumba yakale yosanja imene lero ndi Hotel Masongola. Amene anaimanga sanaipatse dzinali. Analipereka ndi anthu a m'deralo, ndipo analitola padenga.

Nyumbayi inamangidwa cha m'ma 1886 kuti muzikhala kazembe wa Britain, A. G. S. Hawes. Ntchitoyo inali m'manja mwa John Buchanan wa ku Scotland, yemwe anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1876 kudzayang'anira za ulimi, kenako n'kudzatsegula minda yake ya khofi ku Zomba. Pomanga, anaimika nsanja ziwiri, ina kuno ina uko, iliyonse ndi kadenga kake kothera kunsonga.

Apa ndiye pagona dzina. Munthu akatenga mtengo n'kuusema kumapeto mpaka utathwa, timati wausongola. Anthu ozolowera madenga a udzu ataona nsonga ziwiri zija zitaloza kumwamba pakati pa mitengo, sanavutike kufunsa kuti azungu akuitchula chiyani nyumbayo. Anangoti Masongola, basi. Ine dzinali ndimalikonda chifukwa limanena zimene maso anaona, silitamanda bwana aliyense.

Azunguwo ankaitchula kuti Residency. Mu 1891 Harry Johnston, woyang'anira dzikoli m'malo mwa Britain, atasankha Zomba kukhala likulu la dziko limene pambuyo pake linadzatchedwa British Central Africa, anakhala m'nyumba yomweyi, ndipo munda wa mitengo uja unayamba m'masiku akewo pansi pa Alexander Whyte. Wolowa m'malo mwake, Alfred Sharpe, anadzakhala ndi nyumba ina yaikulu, Government House, yomwe pambuyo pake inasanduka nyumba ya boma ya mtsogoleri wa dziko ku Zomba.

Residency yakale ija sinagwetsedwe. Inasanduka malo ogona alendo a boma, Government Hostel, ndipo alendo atachuluka anamangapo zipinda zina pabwalopo. Zipinda zoonjezerazo n'zongogonamo, sizikopa maso. Chomwe chimamuimitsa munthu ndi nyumba yoyamba ija, makoma ake ochindikala, khonde lake ndi nsanja zija. M'pake kuti boma linaiika m'gulu la zipilala zotetezedwa, pakuti ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zikadali chiimire m'Malawi. Nyumba ya msinkhu wotere imafuna chisamaliro chosalekeza, makamaka ku Zomba kumene mvula siichita manyazi.

Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Maina a Residency ndi Government Hostel anapita ndi nthawi yawo, ndipo malowa atakhala hotela, pachikwangwani panalembedwa dzina lomwe anthu a ku Zomba ankaitanira nyumbayi kuyambira kalekale.