Kuchokera ku Cape Maclear mpaka pansi pa mtengo: mbiri ya ndalama, makalasi ndi ana a pulayimale m'Malawi

Sukulu yoyamba ya mtundu umene tikuudziwa lero inatsegulidwa ku Cape Maclear, m'mphepete mwa nyanja, ndi amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gulu lawo. Chaka chotsatira a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre. Amishoni a UMCA anakhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885, a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. John Chilembwe naye, atabwerako ku America, anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, n'kuyamba kuphunzitsa ana a anthu akuda anzake.

Pa zaka zonsezo boma silinaikepo ndalama. Sukulu inali ya mpingo. Zopereka zinkachokera kwa Akhristu a kunja, monga a ku Scotland, England ndi South Africa, ndipo anthu a m'mudzi ankadula mitengo, kumweta udzu ndi kumanga kachisakasa kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi. Mphunzitsi ndiye ankakhalanso mlaliki. Boma la atsamunda linayamba kuthandiza mu 1907, pomwe linapereka mapaundi 1,000 kuti mishoni zonse zigawane, chonsecho msonkho wa nyumba linali kutolera kale kwa anthu omwewo. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zitayendera dziko lino mu 1924 n'kuona mmene boma linalekerera nkhaniyi, nthambi ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, kenako kunabwera sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes ku Domasi.

Dongosolo limeneli linasankhiratu ana amene aphunzire. Kumene mishoni inazika mizu, monga kumpoto, ana ambiri anadziwa kulemba ndi kuwerenga msanga. Makolo ambiri achisilamu m'madera a Ayao ankakana kutumiza ana awo kusukulu za mishoni poopa kuti akabatizidwa, ndiye ana ankathera ku madrasa. Atsikana nawo anali ochepa pafupifupi paliponse. Kusiyana kumeneku sikunathe ndi utsamunda; ziwerengero za anthu odziwa kuwerenga m'maboma monga Mangochi ndi Machinga zakhala zikutsalira kwa zaka zambiri poyerekeza ndi Rumphi kapena Karonga.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Kamuzu Banda linatenga udindo wolipira aphunzitsi, ngakhale sukulu zambiri zinakhalabe m'manja mwa mipingo pa umwini. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968 ndipo ndicho chinkagwiritsidwa ntchito m'makalasi oyambirira, mwana akhale Mtumbuka, Myao kapena Msena. Fizi inalipo. Sinali ndalama yochuluka, koma kwa mlimi wa ana asanu ndi mmodzi, woti agulenso yunifolomu ndi makope, inali yokwanira kumuchititsa kusankha woti apite ndi woti atsale, ndipo wotsalayo kawirikawiri anali mtsikana. Amene amayamikira sukulu za nthawi imeneyo, kunena kuti ana a Sitandade 5 ankalemba kalata yomveka, sanama ayi. Amangoiwala kuti ana ochuluka zedi sankafika n'komwe pakhomo la kalasi. Dr Banda yemweyo anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, kumene ana ochepa osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, pomwe sukulu za m'midzi yoyandikana nayo zinalibe madesiki.

Chitseko chinayamba kutseguka boma la Kamuzu lisanachoke. Pulogalamu ya GABLE yothandizidwa ndi USAID, imene inayamba mu 1991, inkalipirira fizi atsikana amene sanabwereze kalasi, ndipo mu 1993 kunabwera ndondomeko yolola mtsikana amene watenga mimba kubwerera kusukulu akachira. Koma chaka chimene chinasintha zonse ndi 1994. Bakili Muluzi atapambana chisankho cha zipani zambiri, boma lake linathetsa fizi ndi kusiya kukakamiza yunifolomu. M'chaka chimodzi chokha, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni.

Apa m'pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa mavuto amene makolo amadandaula lero anabadwira pomwepa. Ana oposa miliyoni anafika nthawi imodzi, ena a zaka zisanu ndi chimodzi, ena anyamata oyamba kale kumera ndevu, ambiri m'Sitandade 1. Zipinda zinali zomwe zija. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo osaphunzira uphunzitsi, n'kuwapatsa maphunziro a masabata owerengeka asanagwire choko. Pulogalamu ya MIITEP inayamba mu 1997 kuti iwasule ali pa ntchito. Pulogalamu ya MASAF inathandiza midzi kumanga midadada, anthu akuumba njerwa ndi kututa mchenga, komabe kalasi ya pansi pa mtengo wa mango, bolodi itatsamira tsinde, inakhala chinthu chosadabwitsa. Mvula ikabwera ana amaweruka. Kuthetsa fizi kunali kolondola, ndipo ine sindigwirizana ndi amene amati kunaononga maphunziro. Cholakwika chinali kuitana alendo ambiri chakudya chisanapse, ndi kupitirizabe kutero kwa zaka makumi atatu.

Ndondomeko ya maphunziro ya 2008 mpaka 2017 inaika cholinga choti mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana 60. Chiwerengero chotere chimanyenga munthu akachiwerenga papepala. Sukulu ikhoza kukhala ndi aphunzitsi khumi ndi ana 700, ooneka ngati 70 pa mphunzitsi aliyense, koma ukalowa m'Sitandade 1 upeza ana oposa 100 atakhala pansi ndi mayi mmodzi, pomwe m'Sitandade 8 muli ana 40 ndi aphunzitsi awiri kapena atatu osinthana maphunziro. Chifukwa chake n'chodziwika: mbiri ya sukulu imamveka ndi zotsatira za mayeso a MANEB a Sitandade 8, ndiye mphamvu zonse zimapita kumtunda. Mwana amene sanadziwe kuwerenga m'makalasi awiri oyambirira amabwereza, amabwerezanso, kenako amasiya. Aphunzitsi nawo amadzadza m'matauni ndi pamaboma, kumene kuli magetsi, madzi ndi banki, pomwe sukulu zakutali zikusowa, ngakhale boma linaika alawansi ya ophunzitsa kumudzi.

Nanga ndalama? Gawo lalikulu la bajeti ya pulayimale limathera ku malipiro a aphunzitsi, ndipo ndalamayo siidutsa m'manja mwa sukulu. Imene mphunzitsi wamkulu amaiona ndi thandizo la pachaka limene linayamba ndi pulogalamu ya PSIP cha m'ma 2010, lodzera kukhonsolo n'kulowa mu akaunti ya sukulu, kuti komiti ya sukulu ndi makolo agwirizane chochita nalo: choko, makope, kukonza denga, zimbudzi za atsikana. Limachepa, limakonda kuchedwa, ndipo kwacha ikagwa mphamvu limafika litafota. Pachifukwachi makomiti anayamba kutolera ndalama za chitukuko, za mlonda, za mayeso otayipa ndi za malipoti, moti fizi inabwerera ndi maina ena. M'tauni makolo amatha kusonkha n'kulemba mphunzitsi wothandizira. Kumudzi sangathe, ndiye kusiyana kumakula.

Chinthu china chimene chimasintha kaundula wa sukulu ndi phala. Bungwe la Mary's Meals linayambira ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, ndipo pamodzi ndi bungwe la WFP ladyetsa ana ambiri. Sukulu ikayamba kuphika phala, ana amachuluka, ena ochoka kusukulu zoyandikana, ndipo kalasi imene inali yodzadza imadzadziratu. Lamulo la maphunziro la 2013 linati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo ana olembetsa tsopano anadutsa 5 miliyoni. M'Sitandade 1 atsikana ndi anyamata amalingana. Kumtunda ndiko atsikana amayamba kusowa, makamaka kumidzi, ndipo anyamata a m'mbali mwa nyanja ndi kumadera a fodya amasowa pa nyengo ya usodzi ndi yothyola.

Kholo lofuna kudziwa ngati sukulu ili bwino lisakhutire ndi chiwerengero cha ana amene anasankhidwa kupita ku sekondale. Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu mumakhala tchati pakhoma chosonyeza anyamata ndi atsikana a kalasi iliyonse. Yerekezani Sitandade 1 ndi Sitandade 8, funsani kuti makalasi awiri oyambirira ali ndi aphunzitsi angati, kuti ana obwereza ndi angati, ndiponso kuti ndalama ya chaka chino inafika liti ndipo inagula chiyani. Komiti ya sukulu ili ndi udindo wokuyankhani pamsonkhano wa makolo.