Dothi la pa Lichenya ndi Mbiya Zosaphikira

Chiyambire chaka cha 1924, pamene Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, adapeza bauxite pa Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, anthu akhala akutchula dothi lofiiralo pokamba za chitsulo cha aluminiyamu chokha, osasamala kuti pakati pa dothi ndi chitsulo pali ufa woyera mbee wotchedwa alumina, umene Carl Josef Bayer adaonetsa njira youyengera ndi soda waukali m'zaka za m'ma 1880. Wambiri mwa ufawo umapitadi kokapanga chitsulo, ntchito yodya magetsi ochuluka zedi. Koma wotsala pang'onowo ugwa m'manja mwa oumba a mtundu wina.

Oumba amenewa, monga amayi athu oumba nkhali ndi mitsuko, akanya, aumba, aumitsa ndi kuwotcha. Kusiyana kwake nkwakuti iwo sakhulupirira dongo la kudambo, koma ufa woyengeka, umene aupsinja m'chikombole nauika m'ng'anjo yotentha madigiri oposa 1,500, kuti timibulu take tigwirane tisanasungunuke, pakuti alumina sasungunuka kufikira moto utapitirira madigiri 2,000. Kuwotcha kotereku amisiri akutcha sintering, ndipo pamenepo pagona luso lonse. Chotuluka m'ng'anjomo nchouma kotero kuti pa muyeso wa Mohs chifika pa 9, pomwe dayamondi ali pa 10. Sichichita dzimbiri, sichilola magetsi kudutsa, nchifukwa chake thupi loyera la pulagi ya njinga yamoto ya kabaza pa Chitakale ndi alumina, ndipo madokotala amuika m'chiuno cha munthu wotha mafupa. Chilema chake nchimodzi: chitsulo chikamenyedwa chipindika, koma ichi chingosweka osachenjeza. Zirconia, ufa wina woumbira motere, apirirako ming'alu, ndipo aumbira mipeni ndi mano oikirira.

Mtundu wina wa zoumba zotere udabadwa mwangozi mu 1953, pamene ng'anjo ya Donald Stookey, wa kampani ya Corning ku America, idatentha mopyola muyeso, nisandutsa galasi lake chinthu choyera chimene chidagwa pansi osasweka. Galasi lokhwimitsidwa motere, lina la ilo silifufuma kwenikweni ndi moto. Aliika pamwamba pa masitovu, ndi m'makina oonera nyenyezi.

Komabe walira mvula walira matope. Kuyenga alumina kusiya matope ofiira odzala soda, ochuluka kuposa ufa wopezekawo nthawi zambiri, ndipo mitsinje ya Lichenya ndi Likhubula ithirira midzi ndi minda kuchokera paphiri lomwelo, limene UNESCO idalilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025. Mafumu ndi ana a ku Mulanje, wobwera kudzakamba za bauxite mumfunse msanga kumene adzayengera ufawo, ndi kumene adzataya matope ake.