Amayi a ku Kenya ndi Mitengo Yawo

Pa 5 Juni 1977, Wangari Maathai ndi anzake anabzala mitengo 7 ku Kamukunji, mumzinda wa Nairobi. Umu ndi mmene linayambira bungwe la Green Belt Movement. Anayambitsa nkhaniyi ndi amayi akumidzi, amene ankadandaula kuti nkhuni zikusowa, akasupe akuphwa ndipo nthaka ikukokoloka.

Akatswiri a zankhalango ankati kufesa mitengo n'kofuna maphunziro. Koma mayi wodziwa kusunga mbewu ya chimanga angalephere bwanji njere ya mtengo? Amayiwo ankatola njere kutchire n'kumazifesa m'zitini ndi m'miphika yosweka. Bungwelo linkawapatsa kandalama pa mbande yokhayo imene yagwira, osati yongokwiriridwa. Apa ndi pamene panagona nzeru, pakuti kubzala n'kopepuka kusiyana ndi kuthirira m'chilimwe.

Atayamba kutsutsa kulandidwa kwa nkhalango, boma la Daniel arap Moi linawaona ngati adani. Mu 1999, Maathai anamenyedwa mpaka kuvulala m'mutu poteteza nkhalango ya Karura. Pamene ankalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004, mitengo yobzalidwa inali itapitirira 30 miliyoni.