Kafadala

Dzinali likudzimasulira lokha: kafa dala. Ndi kachikumbu kaja koti ukangokakhudza ndi kamtengo kamapinda miyendo, n'kugona chagada, kuli zii. Ukakasiya pang'ono kamayamba ndi kugwedeza tinyanga, kenaka kamadzigudubuza n'kumapita. Kamatero pozemba mbalame ndi abuluzi, amene maso awo amathamangira chinthu choyenda.

Ku Mtandire ndamva ana akutchula kafadala kachikumbu kalikonse kolimba msana, ndipo pamenepo mawuwa amasokonekera. M'madimba a m'mbali mwa Lingadzi, pa masamba a nyemba ndi mpiru, mumapezeka tina tating'ono kuposa njere ya mpunga, tonyezimira mobiriwira, tina tofiirira pakhosi, tathupi lophwatalala. Timeneti sitifa dala ayi. Ukatembenuza tsamba timathamanga, pena kudzigwetsa pansi n'kulowa m'zinyalala. Chakudya chake ndi timbozi, nsabwe za m'masamba ndi mazira a tizilombo tinzake, osati ndiwo zanu.

Ine zimandiwawa tizikumbu timeneti tikamafera limodzi ndi zowononga. Alimi anzanga, musanapope mankhwala, tembenuzani tsamba muone kaye chimene chilipo.